DZINO LIKALEKA LOKHA KUWAWA, KODI NDIYE KUTI LACIRA?

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, cisanu cikafika pacimake ku mapiri a Tsangano, madzi a mu mtsuko amazizira ngati matalala. Ndiyo nyengo imene ambiri amayamba kuzindikira kuti m'kamwa mwawo muli mlandu. Munthu akangoti amwe madzi m'mamawa, dzino limati lasu! Pakapita kanthawi ululu uja umatha, mwini wake n'kuiwala, n'kusenza khasu ulendo ku dimba la kacewere. Ku Furancungo nkhani ndi yomweyo, kungoti kumeneko coiwalitsa anthu ndi fodya, poti nchito yosankha ndi kumanga mabelo sipatsa munthu mpata woganiza za dzino.

Tikadakhala a mu mzinda wa Tete kapena a ku Beira, nkhani ino ikadakhala yaifupi. Tikadangoti dzino likawawa pitani kwa dokotala wa mano, basi. Koma owerenga athu ambiri ali ku Ntengo-wa-Mbalame, ku Biri-Biri, ku Chidzolomondo ndi m'midzi ina ya kutali ndi msewu, kumene ulendo wa ku cipatala cacikulu umadya tsiku lathunthu ndi ndalama ya thumba la mbatata. Munthu wotere sangathamangire ku Ulongue pa kalikonse. Ayenera kudziwa vuto limene lingadikire masabata angapo, limene lifunika sabata yomwe ino, ndi limene lifunika kunyamuka usiku womwewo ngakhale pa njinga ya moto yobwereka. Ndiye tiyeni tifufuze bwino, paja safunsa adadya phula.

KODI M'DZINO MULI NYONGOLOTSI?

Tonse tidamvapo kuti dzino limawawa cifukwa muli kanyongolotsi kamene kakulifumbwa m'kati monga acitira nankafumbwe ndi cimanga. Ena adaona ndi maso awo tinthu toyera topindika titagwera m'mbale ya madzi, sing'anga atafukiza wodwala ndi njere za nthula. Tisawaseke makolo athu pa cimeneci, cifukwa sadali okha. Anthu a ku Babulo adalemba za nyongolotsi ya m'dzino pa mapale a dongo zaka zikwi zapitazo, ndipo a ku Ulaya adaikhulupirira mpaka m'zaka za m'ma 1700. Koma tija timagwera m'mbale ndi timitima ta njere zomwezo, timene timatuluka njere zikaphulika ndi moto.

Coona cake adacilongosola mu 1890 dokotala wina wa ku America, Willoughby Miller, amene ankagwira nchito ku Berlin. M'kamwa mwa aliyense muli tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timakhala mu litsiro loyera lonanda lija limamatirira m'mbali mwa mano. Mukakanda dzino ndi cikhadabo m'mamawa muliona. Tizilomboti tikalandira shuga timatulutsa asidi, ndipo asidiyo ndiye amasungunula cikamba colimba ca dzino. Malovu amacotsa asidi ndi kukonza pamene payamba kufooka, koma nchito imeneyi imafuna theka la ola kapena ola lathunthu. Conco mwana amene wadya masiwiti asanu nthawi imodzi atatha nsima waononga pang'ono, kuyerekeza ndi mnzake amene akunyambita siwiti imodzi-imodzi kuyambira m'mawa mpaka kuweruka ku sukulu. Wacicwiriyu malovu ake sapeza mpata n'komwe.

Agogo athu ankadya uci pa nyengo yake, nzimbe za m'dimba, ndi masuku mvula ikamayamba. Shuga wa m'paketi ndi mlendo. Minda yake idayamba ku Mopeia, kumunsi kwa Zambezi, m'zaka za m'ma 1890. Ku Malawi fakitale ya Nchalo idayamba kugaya mu 1966, ya Dwangwa mu 1979, ndipo poti ife misika yathu ndi ya m'malire, shuga sadacedwe kufika m'phala, mu thobwa ndi mu tiyi. Mu 2015 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalangiza kuti wamkulu asapitirire masupuni aang'ono 12 a shuga pa tsiku, ndipo akakhala 6 ndiye bwino koposa. Botolo limodzi laling'ono la zakumwa zotsekemera lili kale ndi masupuni 8 kapena kuposa. Nanga tiyi wathu uja wa masupuni anayi m'kapu imodzi? Mu 2022 bungwe lomwelo lidawerenga kuti anthu 3,500 miliyoni, pafupifupi theka la anthu onse, ali ndi matenda a m'kamwa.

ULENDO WA DZINO LOBOOKA

Dzino silifa tsiku limodzi. Poyamba pamaoneka kadontho koyera ngati coko, kapena kodera, kosawawa. Apa dzino lingathe kudzikonza lokha ngati munthu acepetsa shuga ndi kutsuka bwino.

Kenaka pamabooka. Ndiye lasu! uja wa madzi ozizira, kapena wa cinthu cotsekemera, amene amatha msanga. Nthawi yabwino yopita ku cipatala ndi imeneyi, cifukwa dzino lingamatidwe n'kukhala zaka zambiri likutafuna. Kumata sikulira magetsi nthawi zonse ayi. M'zaka za m'ma 1980 dokotala wa ku Holland, Jo Frencken, ali ku Tanzania, adayambitsa njira yopala poola ndi tizitsulo ta m'manja n'kumata ndi mankhwala ouma okha, ndipo njirayi idayesedwa pa ana a sukulu ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1990. Mu 2021 WHO idaika mankhwala omatirawo pa mndandanda wa mankhwala oyenera kupezeka m'dziko lililonse. Conco musaope kufunsa kuti, "Kodi silingamatidwe?" Tsoka lake n'lakuti pa nthawi imeneyi ululu ngwocepa, ndipo palibe amene afuna kutaya ndalama ya ulendo cifukwa ca lasu wa kamphindi.

Bowo likamka lizama limafika pa mtima wa dzino, pamene pali mitsempha ndi magazi. Tsopano limawawa lokha popanda colikhudza, makamaka usiku munthu akagona, ndipo tiyi wotentha amaliputa zedi. Ululu umakwera m'khutu ndi m'mutu, mwakuti mwini wake mwina sadziwa n'komwe kuti dzino lake ndi liti. Abambo olimba mtima, amene sadalirepo pa maliro, amalira ndi dzino lotere. Lifunika cipatala sabata yomweyo.

Ndiye tsiku lina ululu umangoti zii. Apa ndi pamene ambiri amasokera. Wina amathokoza muzu umene adatafuna, wina makapisozi amene adagula pa msika, onse n'kumauza anzawo kuti apeza mankhwala a dzino. Comwe cacitika n'cakuti mtsempha wafa, ndipo cakufa sicimva kuwawa. Tizilombo tija tili momwemo, tikudya zoola, ndipo tapeza njira yotsikira mu muzu mpaka ku fupa la cibwano. Papita masabata, mwina miyezi, dzino limayamba kumveka ngati latalika kuposa anzake, kuluma nalo kumawawa, ndipo pa nkhama pamatuluka kacithupsa kamene kamaphulika n'kusiya mafinya onunkha m'kamwa. Kakaphulika munthu amapezako bwino, n'kuzengerezanso. Dzino lofika pamenepa silicira ndi mankhwala akumwa a mtundu uliwonse. Kucira kwake n'kulizula, kapena kulitsuka m'kati mwa muzu n'kulitseka, nchito imene imacitika m'zipatala zazikulu zokha.

ZIZINDIKIRO ZOSAGONA NAZO

Mafinya akasowa potulukira amalowera m'mnofu. A dzino la m'mwamba amakwera ku diso, a dzino la m'munsi amatsikira kunsi kwa cibwano ndi kunsi kwa lilime, ndipo akafika kumeneko amatha kutseka njira ya mpweya m'maola ocepa. Anthu amafa nazo zimenezi, anyamata a mphamvu zawo, ndipo pa mudzi pamayamba kulozana zala. Mukaona tsaya latupa mpaka diso likutsekeka, kapena kunsi kwa cibwano kwatupa n'kulimba ngati thabwa, kapena wodwala akulephera kuyasamula moti zala ziwiri sizikulowa, akulephera kumeza malovu, mawu asintha, thupi latentha ndipo akunjenjemera, musadikire kuti kuce. Pitani naye ku cipatala ciliconse capafupi, ngakhale copanda wa mano, cifukwa anamwino angayambe jekeseni n'kumutumiza patsogolo. Paulendo akhale tsonga, asagone cagada. Wodwala matenda a shuga, amene ali ndi kacilombo ka HIV, mayi woyembekezera ndi mwana wamng'ono, awa kutupa kwawo kumathamanga kuposa kwa ena.

Pali mantha awiri amene amatsekereza anthu pakhomo. Ena amati kuzula dzino la m'mwamba kumapha maso. Si zoona, mitsempha ya diso ndi ina, ya dzino ndi ina, ndipo coopsa ku diso ndi mafinya osiyidwa aja. Ena amati mayi wapakati sazulidwa dzino. Amazulidwa ndithu, bola anene kuti ali ndi pakati.

PODIKIRA ULENDO

Ngati zizindikiro zoopsa zija palibe, ndipo galimoto ndi ya mawa kapena mkuja, pali zothandiza. Wamkulu amwe paracetamol wa 500 mg, mapiritsi awiri maola 6 alionse, osapitirira 8 pa tsiku. Ibuprofen wa 400 mg katatu pa tsiku atadya amathandiza kwambiri pa dzino, koma si wa mayi woyembekezera, wa zilonda za m'mimba kapena wodwala impso. Mwana muyeso wake ukacokere kwa anamwino, ndipo aspirin asapatsidwe konse. Sungunulani theka la supuni yaing'ono ya mcere m'kapu ya madzi ofunda, muzicukuca m'kamwa kangapo pa tsiku. Pogona mutu ukhale pamwamba.

Tsono zoti tileke. Kuika piritsi la aspirin pa nkhama kumaocha mnofu n'kusiya cilonda coyera, pamene dzino likuwawabe. Madzi a m'batire, petulo, ndi mankhwala opopera fodya kapena kacewere, amene ena amadontheza m'bowo ati aphe nyongolotsi, ndi poizoni basi. Nyongolotsi mulibe, womwa poizoniyo ndinu. Kuthowa tsaya lotupa ndi nsalu yotentha kumakokera mafinya kunja. Makapisozi ogula awiri-awiri pa msika amangogonetsa matenda n'kuphunzitsa tizilombo kupirira mankhwala, moti tsiku lofunikadi sagwiranso nchito. Ndipo wozula mano pa mudzi ndi pulayala ya njinga, ngakhale akhale wa mtima wabwino cotani, amasiya mizu yothyoka, ndipo citsulo cosaphika cingasamutse HIV ndi matenda a ciwindi kucoka kwa wina kupita kwa wina.

DZINO LOGULUKA PA NGOZI

Njinga za moto zaculuka m'misewu yathu, ndipo ngozi za mano zaculuka nazo limodzi, osaiwala mpira, ng'ombe yoponya mwendo ndi ndewu za ku mowa. Ambiri sadziwa kuti dzino lacikulu likaguluka lonse ndi muzu wake lingabwezedwe n'kugwiranso. Cofunika n'kufulumira, cifukwa likauma kwa ola limodzi timinofu ta pa muzu timafa.

Litoleni pogwira ku mutu kwake, koyera kuja, osakhudza muzu. Ngati lili ndi dothi liviikeni mu mkaka kapena m'madzi oyera kamphindi cabe, osalipala, osalitsuka ndi sopo. Libwezeni m'malo mwake moyang'anitsa bwino, mulikankhe pang'onopang'ono mpaka lifanane ndi linzake, wovulalayo alume kansalu koyera, ulendo ku cipatala kuti akalimangirire ku anzake ndi kuona za katemera wa kafumbata. Mukacita mantha kulibweza, liikeni m'kapu ya mkaka. Kuno kwa Angoni ng'ombe sizisowa, koma ukhale mkaka watsopano, osati cambiko. Mkaka ukasowa, mwini dzino alavulire malovu m'kabotolo, dzino likhale m'menemo. Kulikulunga m'pepala kapena kulisunga m'madzi ndiko kulipha. Dzino la mkaka la mwana wamng'ono lokha ndilo losabweza, cifukwa lingaononge lacikulu limene likukula kunsi kwake.

Ngati wovulalayo adakomoka, akusanza kapena akubwebweta, za dzino ziyambe zaima, mutu ndiwo uli patsogolo. Ngati mano a m'mwamba ndi a m'munsi sakukumananso monga kale, mwina cibwano cathyoka; mangani nsalu kucokera kunsi kwa cibwano kukafika pa liwombo, mosathinitsa, mupite naye.

NKHAMA, MSWACI NDI ANA

Akuluakulu sataya mano cifukwa ca kubooka kokha, komanso cifukwa ca nkhama. Litsiro lonanda lija likakhalitsa limauma ngati mwala m'munsi mwa mano, nkhama zimatupa n'kumacuca magazi, fupa limalowa pansi, dzino labwinobwino n'kuyamba kugwedera. Munthu akaona magazi amaleka kutsuka pamenepo, pamene pofunika kutsuka kwambiri ndi pomwepo. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri magazi amaleka. Mwala wouma uja wokha ndiwo ufunika kukapalidwa ku cipatala. Fodya, wosuta ndi woika m'kamwa yemwe, amafulumizitsa zonsezi.

Mswaci wa mtengo tisaupeputse. Anzathu a kumwera kwa Moçambique amatsukira muzu wa mulala mpaka lero, ndipo mano awo amacita kuwala. Kamtengo kotafunidwa bwino mpaka kufewa kamacotsa litsiro mofanana ndi mswaci wa m'sitolo, bola kafike kumbuyo ndi m'kati, osangopukuta a kutsogolo oonekera poseka. Makala, phulusa ndi mcenga zimayeretsa, inde, koma zimapala cikamba ca dzino cimene sicimeranso. Comwe mtengo ulibe ndi mankhwala olimbitsa mano. Inu amene mwaphunzira kuwerenga, tembenuzani cubu ca mankhwala otsukira mano musanagule, mufune mawu akuti flúor kapena fluoride ndi nambala ya pakati pa 1000 ndi 1500 ppm. Tsukani kawiri pa tsiku, makamaka pokagona, ndipo mukatha lavulani cabe osacukuca ndi madzi, kuti mankhwalawo atsale pa mano. Cubu cimakhalitsa: wamkulu ndi mwana wa zaka 3 kupita m'tsogolo afunika kocepa ngati njere ya nandolo, wocepera apo ngati njere ya mpunga.

Mwana amakhala ndi mano a mkaka 20, wamkulu 32. Pali dzino limodzi limene makolo timalitaya cifukwa ca kusadziwa. Mwana akafika zaka 6, nthawi yoyamba sukulu, kumbuyo kwa mano a mkaka kumamera dzino lalikulu lotafunira, mbali zonse zinayi, popanda lina kuguluka. Poti palibe lidaponyedwa pa denga, timaliyesa la mkaka, ndipo likabooka timati lisiyeni liguluka lokha. Limenelo ndi la moyo wonse. Aphunzitsi a kalasi yoyamba angathandize kwambiri atamayang'ana m'kamwa mwa ana awo kamodzi pa teremu. Cina, kumera mano kumacititsa khanda kulira ndi kutuluka dovu, koma kutsegula m'mimba kwambiri ndi kutentha thupi si za mano. Ana ambiri acedwa kulandira mankhwala a malungo cifukwa agogo adati, "Akumera mano ameneyo."

M'kamwa mumanenanso za thupi lonse. Amene adathawira ku Malawi pa nthawi ya nkhondo akumbuka caka ca 1990, pamene mtedza udasowa pa cakudya cogawidwa ndipo anthu pafupifupi 18,000 adadwala pelagra: khungu lothetheka poomba dzuwa, lilime lofiira lowawa, kutsegula m'mimba. Gwero lake lidali kudalira nsima popanda mtedza kapena nsomba. Njala yomweyo ndiyo imatsegulira njira matenda oopsa a noma, amene mu Disembala 2023 WHO idawaika pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa. Amagwira ana a zaka 2 mpaka 6 onyentchera, kawirikawiri atangodwala cikuku kapena malungo. Amayamba ngati cilonda ca pa nkhama conunkha kwambiri, tsaya n'kutupa, pakatha masiku ocepa pamaoneka banga lakuda n'kubooka. Osalandira thandizo, 9 mwa ana 10 amafa, koma akafika msanga mankhwala wamba a ku cipatala amaciza. Kwa wamkulu, zoyera ngati cambiko pa lilime ndi m'masaya ndi cifukwa cokwanira cokayezetsa magazi, ndipo cilonda kapena cotupa ca m'kamwa cimene catha masabata awiri osapola, makamaka kwa wa fodya ndi kacasu, cikaonedwe ngakhale cisakuwawa, poti khansa imayamba motero.

MUKAFIKA KU CIPATALA

Yambirani pa cipatala ca pa boma, ku Tsangano kapena ku Furancungo, kumene angakuthandizeni kapena kukulemberani kalata ya ku Ulongue kapena ya ku cipatala cacikulu ca Tete. Pa citseko simudzapeza mawu akuti mano. Funani mawu akuti Estomatologia. Aphunzitsi a sukulu za akulu awalembe pa bolodi kuti ophunzira awazolowere. Idyani kaye musanapite, tengani makadi anu ndi mankhwala onse amene mumamwa, ndipo nenani ngati muli ndi matenda a shuga, othamanga magazi, kapena ngati mudatupapo thupi mutalandira penisilini.

Akakuzulani, lumani thonje kwa theka la ola osalankhula. Tsiku limenelo musacukuce m'kamwa, musamalavule, musasute, musamwe mowa, ndipo khasu lipume, cifukwa magazi oundana pa bala paja ndiwo civundikiro cake. Akacoka, fupa limakhala pa mtunda ndipo ululu wake pa tsiku lacitatu umaposa wa dzino lija. Madzi a mcere muyambe mawa lake. Magazi akayambanso kunyumba, pindani kansalu koyera, muike pa bala penipeni, mulume mwamphamvu theka la ola muli cikhalire. Mukacita kawiri osaleka, bwererani ku cipatala.